Ndinamuphunzitsa Kulira pa Msonkhano wa Chipatala

1

Amuna anga ali ndi matenda amodzi omwe ndinawazolowera kalekale. Akangoona tebulo loyalidwa nsalu yoyera, pamwamba pake pali mabotolo a madzi, miyendo imawatenga yokha kukakhala pamenepo. M'komiti ya msika analimo, ya chitetezo analimo, ndipo tsiku lomwe anawasankha kukhala wapampando wa komiti yoimira anthu pachipatala chathu, anagula jekete yatsopano n'kusiya kuyankha dzina lawo lenileni. Aliyense ankawaitana kuti a Tcheya. Ngakhale ine wowachapira masokosi, ndikafuna kuti andimve msanga ndinkachita kunena kuti, "A Tcheya, madzi ali kubafa."

Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo pasukulu pathu ndimadziwika ndi zisudzo. Mundipatse mwana wamanyazi wolephera kutchula dzina lake lomwe, pofika tsiku lotsekera sukulu aliza makolo holo yonse. Luso limeneli ndinkayenda nalo modzitukumula. Lero ndikalikumbukira ndimamva nseru.

Nthawi imeneyo mwana wathu wachisamba anali ndi pakati poyamba. Mkamwini wathu ndi dalaivala wa malole, munthu wokhalira pamsewu, ndiye mwanayo anabwera kudzadikirira kwathu chifukwa chipatala chili pafupi. Ndi chipatala chaching'ono, penti inasuluka, mpope wa ku mateniti unkadontha usana ndi usiku. Koma ana anga onse ndinachilira komweko, ndipo kuchokera pakhomo panga munthu umakafika wapansi tiyi asanazizire.

Tsiku lina tikudya, bambo anapukuta m'manja mwaulemerero n'kutsokomola kachifuwa ka pamsonkhano.

"Pachipatala pakubwera kusintha. Akuti amayi azikachilira ku chipatala chachikulu cha kutsidya kwa mzinda. Mateniti yathuyi ikonzedwa, ikhala chipinda chamakono cha olipira."

Mwana wanga anasiya supuni. "Nanga ine ndikachilira kuti, ababa?"

"Iwe mtima m'malo. Palibe chomwe chatsimikizika. Ayamba afunsa kaye maganizo a anthu, kukhala msonkhano waukulu."

Chipatala chachikulucho ndimachidziwa. Umakwera minibasi, n'kutsika, n'kukweranso ina, ndipo pakati pali mlatho womwe galimoto zimaima ngati zafika kumaliro. Ndinayang'ana mimba ya mwana wanga, chakudya chinandikanika.

2

M'mawa mwake bambo ananditsatira kukhitchini, malo omwe sankawadziwa bwino.

"Mayi, ndikufuna thandizo lanu. Mukudziwa mmene misonkhano imeneyi imakhalira. Olankhula amakhala zidakwa ndi anthu ofuna kutchuka, pomwe anthu a maganizo abwino amangokhala chete ndi manyazi. Tapeza angapo omwe akuona ubwino wa kusinthaku, koma pakamwa mpolemera. Muwawongoleko pang'ono ngati mmene mumachitira ndi ana anu aja."

"Ndiwongole anthu oti akatseketse mateniti, mwana wanu ali chonchi?"

"Mayi, mukundiyesa wamisala? Ngakhale anthu atavomera, izi ndi za chaka chamawa, ambulansi yatsopano ikabwera. Mdzukulu wathu abadwira pompano. Komanso akuluakulu anamva za luso lanu, anachita kukutchulani."

Apo ndiye anandigwira pofewa. Munthu akakuyamikira luso, nzeru zimapita kokayenda.

Anthu oti ndiwawongolewo anabwera Loweruka masana. Woyamba anali mkulu wina wopuma pantchito ya ukalaliki, wokonda mawu akuluakulu, yemwe ntchito yake inali kuyamikira makina amakono. Ameneyo sanandivute, kungomudula kuti asalankhule mpaka dzuwa kulowa. Wachiwiri anali mtsikana woluka tsitsi pasaluni ya pafupi ndi depoti, wowoneka bwino, khanda lili kumsana. Anagwada pondipatsa moni, maso ali pansi.

Nkhani yake inali yakuti matenda atamuyamba anabwera pachipatala chathu, anapeza magetsi azima, anesi n'kumusiya yekha, ndipo akanafa pakanapanda kumuthamangitsira ku chipatala chachikulu. Nkhani yomvetsa chisoni, koma ankaifotokoza ngati akuwerenga malangizo a papaketi ya sopo.

"Ayi, mwana wanga, si choncho," ndinatero. "Ukafika pa mawu akuti mdima, ima. Yang'ana mwanayo kaye. Usalire poyambirira, misozi ya pachiyambi ndi yotchipa. Uisunge mpaka pomwe ukunena kuti ndinaganiza kuti mwana wanga sindimuona."

"Chabwino, amadamu."

Tinabwereza mpaka anayamba kugwira. Mtsikanayo anali ndi mphatso, sindinama. Pofika kumapeto misozi inkatsika pamalo penipeni pomwe ndaiyika.

Khanda litayamba kuvuta ndinalinyamula ine, koma linalira ngati ndalitsina. Bambo anadzuka pampando.

"Bweretsani kuno."

Analigoneka paphewa, n'kumalisisita kumsana, mwana uja ziii. Ndinaseka. Bambo omwe ana athu onse anakula asanawasinthepo thewera! Ndinati mwina ugogo wayamba kuwalowa. Pothira tiyi bambo anandigwira dzanja.

"Ameneyo samwa wamkaka."

"Mwadziwa bwanji?"

"Wanena panjira."

Ndinamufunsa mtsikanayo za bambo a mwana. Anati ali kutali, n'kuyamba kukonza kachipewa ka khanda komwe kanali kale bwinobwino. Ndinamumvera chisoni. Nditaona kuti siketi yake ndi yothina, yoti amayi a pamsonkhano akanayamba kuyang'ana miyendo m'malo momvera nkhani, ndinalowa kuchipinda n'kumutengera diresi langa labuluu, lalitali, lomwe ndinkavala popita kumapemphero.

Atapita, mwana wanga anatuluka kuchipinda komwe anadzitsekera tsiku lonse.

"Wapita Wamisozi wanuyo?"

"Usamunene mnzako."

"Amayi, mukudziwa chomwe mukuchita? Mukuphunzitsa munthu kunditsekera chitseko."

Ndinamuuza kuti ndi mimba ikumupsetsa mtima. Dzina lija ndiye linakhala, mpaka lero ndimamutchula kuti Wamisozi.

3

Msonkhano unachitikira mu holo ya pachipatala pomwepo. Anthu anabwera osati masewera: amayi a pamsika, okalamba ndi ndodo zawo, anyamata a njinga zamoto, oyembekezera atanyamula mabotolo a madzi. Ena anaima m'mawindo. Kutsogolo kunali tebulo lija la nsalu yoyera, a Tcheya pakati, mkulu wa chipatala kumanja kwawo, kumanzere mayi wina wochokera kulikulu yemwe anatumidwa kudzamva maganizo athu. Mayiyu anabwera ndi zimapepala zikuluzikulu ndi zolembera za mitundumitundu.

Mkulu wa chipatala analankhula mpaka ana anagona. Anationetsa pakhoma zithunzi za chipinda chonyezimira, anesi a mano oyera akusekerera odwala omwe sankaoneka kudwala kulikonse. Kenako anati tsopano mpata ndi wa anthu.

Manja anakwera holo yonse. Maiki inali ndi mlembi wa komiti, ndipo munthu ameneyo tsiku limenelo anachita khungu lodabwitsa. Anadutsa gogo wina yemwe anakweza mpaka ndodo, anadutsa mzere wonse wa amayi a pamsika, n'kukafika ndendende pomwe panakhala kalaliki wanga uja. Makina amakono anayamikiridwa mokwanira.

Bambo wina wa kumbuyo sanadikire maiki.

"Nanga matayilosi ndi penti mwaunjika kuseri kwa mateniti ndi za chiyani, ngati simunamange kale mfundo?"

"Dongosolo, abale, dongosolo!" anatero a Tcheya akumenya tebulo. "Aliyense alankhula nthawi yake ikakwana."

Nthawi ya bambo ameneyo sinakwane. Maiki inapita kwa Wamisozi.

Anaimirira mu diresi langa, khanda lili m'manja. Pa mawu akuti mdima anaima, n'kuyang'ana mwana. Pomwe ankati ndinaganiza kuti mwana wanga sindimuona, misozi inatsika, amayi ena n'kumapukusa mitu, ena akupukuta m'maso ndi nsonga za nsalu. Mayi wa kulikulu ankalemba mothamanga. Anesi awiri omwe anaima pakhomo anayang'anizana, mmodzi n'kutuluka panja.

Ine pampando panga mtima unali mbee. Ndinkati mumtimamu, ntchito ya manja anga imeneyo. Mwana wanga pambali panga ankangoyang'ana denga.

4

Chomwe a Tcheya sanachikonzekere ndi chakuti mayi wa kulikulu anali ndi kachitidwe kake.

"Tsopano tigawane m'magulu kuti aliyense alankhule momasuka. Abambo uko, achinyamata uko. Amayi omwe mwachira posachedwapa pamodzi ndi oyembekezera, mukhale gulu lanu pakhonde."

Ndinamunyamulira mpando mwana wanga. Titafika pakhonde amayi anandipatsa chipepala ndi cholembera, amvekere aphunzitsi mutilembere ndinu, ife zolemba zathu ndi za nkhuku. Wamisozi anakhala kumapeto kwa benchi, akufuna kuti asaonekere.

Tisanayambe kunatulukira mayi wina wojintcha, thukuta lili kamukamu, mwana wina kumsana wina kutsogolo. Anali mayi wa mapasa wochokera kumalire kwenikweni kwa dera lathu, ndipo anachedwa chifukwa anayenda wapansi. Zonse za mu holo zinamudutsa. Anakhala pansi n'kupuma mwamphamvu, kenako maso ake anagwera kumapeto kwa benchi.

"Aaa! Mnzanga wa pabedi! Ndiwe? Tabwera naye ndimuone, wakula chonchi?"

Wamisozi anaseka kaseko kouma.

"Mukudziwana?" anafunsa mayi wina wogulitsa tomato.

"Kudziwana kokha? Tinagona moyandikana mu wodi iyi, apa pawindopa. Ine ndinayamba ndi awiri angawa, iye n'kutsatira mawa lake. Anesi anamusamala ngati dzira, mwana woyamba uja."

"Koma wangotiuza mu holomu kuti anachilira ku chipatala chachikulu. Akuti kuno anamutaya mumdima."

"Ndani? Uyu? Mdima wake uti? Musandiseketse, inu." Mayi wa mapasa anamumenya Wamisozi pantchafu mwachikondi. "Nanga amuna ako ali bwanji? Amayi inu, mwamuna ndi ameneuja. Wachikulire ndithu, koma wachikondi. M'mawa uliwonse ankabwera ndi fulasiki yobiriwira ya tiyi, n'kutigawira wodi yonse. Anga ine anangotumiza moni."

Cholembera chinaima m'dzanja langa. Fulasiki yanga yobiriwira inasowa miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo bambo anati anaiiwala ku msonkhano wa komiti. Ndinadziuza kuti mafulasiki obiriwira ndi ambiri padziko.

Nthawi yomweyo a Tcheya anatulukira pakona, manja kumbuyo, akuyendera magulu ngati woyang'anira mayeso. Mayi wa mapasa anaimirira ndi ana ake onse.

"Si awa! Bambo a mwana! Mwandiiwala? Ine wa mapasa uja, munkati ndimwe makapu awiri poti ndikuyamwitsa awiri!"

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikukalamba msanga choncho. Khanda lija litawaona linayamba kudumphadumpha pamiyendo pa mayi ake, timanja tili m'mwamba kuwafuna.

"Ababa?" anatero mwana wanga, mawu ake ang'onoang'ono ngati ali kamwana.

Mayi wa tomato anamukoka mnzake wa mapasa. "Khalani pansi, inu. Akazi awo ndi awa akulembawa."

"Mayo ine," anatero mayi uja, n'kudzigwira pakamwa.

Ndinayang'ana mtsikana uja. Anakhala pabalaza panga, anamwa tiyi wanga wopanda mkaka, ndinamunyamulira mwana, ndinamuveka ndi manja angawa. Amuna anga anakhala pampando wawo n'kumaonerera mkazi wawo akuphunzitsa chibwenzi chawo. Sindinalire.

"Tiyeni tipitirize, amayi," ndinatero. "Mateniti itsekedwe kapena isatsekedwe?"

5

Pobwerera mu holo, gulu lililonse linkatumiza mlembi wake kukanena zomwe lagwirizana. Apa mlembi wa komiti analibe pothawira, maiki anandipatsa.

"Gulu la amayi lati mateniti isatsekedwe," ndinatero. "Lati mukonze mpope, muwonjezere anesi, koma chitseko chikhale chotsegula. Tsopano ndiwonjezere zanga. Misozi munaiona m'mawa ija ndinaiphunzitsa ndine, pabalaza panga, Loweruka lapitali. Mtsikana ameneuja anachilira pompano, ndipo anesi anamusamala bwino. Diresi wavalalo ndi langa. Mwana wanyamulayo ndi wa a Tcheya."

Bambo anakodola mnyamata wa zokuzira mawu, maiki n'kuzima. Anaiwala kuti ine ndimaphunzitsa kalasi yodzaza mpaka pakhomo, mvula ikugwa padenga la malata. Ndinaiyika maikiyo patebulo lawo n'kupitiriza ndi pakamwa pokha. Ndinatchula kalaliki uja, ndinatchula khungu la mlembi, ndinafunsanso za matayilosi.

Holo inawira. Ena ankakuwiza, ena ankaseka chikhakhali, gogo wa ndodo uja ankafuna kukafika kutsogolo. Wamisozi anatulukira khomo lakumbali. Mayi wa kulikulu anaimirira n'kupempha bata, amvekere zonse tamva ndipo talemba, palibe liwu lomwe litayike. Wina anakuwa kuti tikweze manja. Osafuna kuti mateniti itsekedwe anakweza, ndipo denga silinkaoneka. Ofuna kuti itsekedwe anali kalaliki yekha, nayenso anatsitsa msanga n'kunamizira kukanda m'mutu.

Ndinatuluka nditagwira mwana wanga padzanja. Banja ndiye linali litatha, koma ndinkati bola mateniti tapulumutsa.

Bambo anafika kunyumba dzuwa likulowa, n'kupeza zikwama zawo zili pakhonde. Nyumba yomwe timakhala ndi ya sukulu, ili m'dzina langa, ndiye panalibe zokambirana kuti atuluke ndani.

"Mayi, nkhani za m'banja n'kuzitengera pagulu? Mwandivula pamaso pa akuluakulu."

"Amene anatengera chibwenzi chake pagulu atachiveka diresi langa ndani?"

"Zinangochitika, mayi. Ndine munthu."

"Kumubweretsa m'nyumba mwanga zinangochitikanso? Anthu onse a m'dera lino munasowa woti akakunamizireni?"

Anayang'ana nsapato zawo. "Anamulonjeza ntchito yolandira alendo kuchipinda chatsopanocho, akalankhula bwino. Mwana uja akufunika kudya, mayi. Inuyo mumvetse, ndinu kholo."

Ndinawayang'ana bambo omwe ndinakhala nawo kuyambira ndili mtsikana. Anagulitsa pochilira mwana wawo wamkulu kuti apezere ntchito mayi wa mwana wawo wamng'ono, ndipo ankafuna ndiwamvetse. Ndinatseka chitseko. Mawa lake diresi lija linabwera m'pepala la pulasitiki, lochapidwa ndi kusita bwino. Ndinalidula n'kukhala chokolopera kuchimbudzi.

6

Mwezi usanathe, pageti la chipatala anakhomapo chikwangwani. Chinkati anthu a m'dera lino, atafunsidwa maganizo awo, alandira kusinthaku ndi manja awiri. Pambali panali chithunzi chachikulu cha mayi wachitsikana akupukuta misozi, khanda m'manja, atavala diresi labuluu.

Ndinaima pamenepo n'kuwerenga kawiri, kuopa kuti mwina uphunzitsi wandithawa. Manja onse aja, chipepala chonse ndinalemba chija, zinapita kuti? Ndinapita kwa mkulu wa chipatala, anati ali pamsonkhano. Ndinaimbira mayi wa kulikulu, anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti iye anapereka zonse monga anazimvera, zotsalazo ndi za akuluakulu.

Mabedi a ku mateniti anawakweza pa lole masanasana, anthu akuona. Azamba anawasamutsa. Ambulansi yatsopano ija ndiye mpaka lero ili m'njira. A Tcheya anakhalabe a Tcheya, poti akuti za pakhomo ndi za pakhomo, za komiti ndi za komiti.

Ine ndi mwana wanga tinapangana kuti masiku akayandikira apite kukadikirira kwa mng'ono wanga yemwe amakhala kufupi ndi chipatala chachikulu. Chikwama tinalongedza. Koma mwana wa m'mimba sawerenga zikwangwani.

7

Matenda anamuyamba nthawi isanakwane, m'mawa wina mvula ikugwa. Anandiitana ndili m'kalasi, ndinathamanga choko chili m'manja. Neba wathu wa takisi anatinyamula, koma titayandikira mlatho tinapeza mzere wa galimoto wosaoneka kothera. Lole ina inali itafera pakati penipeni.

"Amayi, akubwera! Amayi, sindingathe!"

Dalaivala anayang'ana kumbuyo kamodzi kokha, n'kutembenuza galimoto. "Aphunzitsi, apa sitidutsa. Tiyeni pachipatala pathu pomwe, anthu aja si nyama."

Tinalowa pakhomo lomwe kale linali la mateniti. Pansi matayilosi onyezimira, pakona maluwa a pulasitiki, pakhoma wailesi ya kanema. Pamipando panakhala abambo angapo ovala bwino akudikira dokotala. Kuseri kwa tebulo lolandirira alendo kunali mtsikana wa yunifolomu yatsopano. Anadzutsa mutu, tinaonana maso ndi maso.

"Amadamu," anatero Wamisozi. "Pano sitichiritsanso amayi."

"Ndikudziwa. Unalankhula bwino kwambiri."

Mwana wanga anagwada pamatayilosi paja n'kukuwa kukuwa komwe mayi aliyense amakudziwa. Wamisozi anataya cholembera n'kuthamangira mkati, anabwera akukoka nesi wachitsikana wa kuchipinda cha jakisoni. Nesiyo anangoyang'ana kamodzi.

"Mutu wafika kale. Sitimusuntha. Mutchingireni, abambo awa akuona!"

Abambo aja ena anatuluka, ena anangotembenuzira mipando kukhoma poopa kutaya malo pamzere. Ndinamasula nsalu yomwe ndinafunda, koma munthu mmodzi sangatchinge mbali zonse. Ndinamva wina akugwira nsonga inayo. Sindinachite kufunsa kuti ndi ndani. Tinaima choncho, ine uku iye uko, mkazi ndi chibwenzi, titatambasula nsalu imodzi, pansi pathu mwana wa a Tcheya akubereka pamatayilosi ngati alibe kwawo.

Khanda linatuluka lili chete. Nesi analitembenuza, kulisisita, kulipukuta ndi malaya a dalaivala, mpaka linatsokomola n'kulira. Ndinati Mulungu ngwamkulu. Koma nesi sanasekerere. Ankayang'ana pansi, pomwe magazi ankayenda m'mizere ya matayilosi osafuna kuima.

"Mankhwala oletsa magazi anapita ndi azamba," anatero. "Kuno kulibe chilichonse. Mupite naye, msanga!"

Tinabwerera pamsewu womwe uja, mwana wanga atagona pamiyendo panga, nesi akumukanikiza pamimba njira yonse. Dalaivala anadutsa m'mbali mwa msewu, anakuwa, anatukwana, anyamata a njinga zamoto n'kumatitsegulira njira. Pofika ku chipatala chachikulu milomo ya mwana wanga inali itayera ndipo sankandiyankhanso.

Anamupulumutsa. Dokotala anatuluka kuchipinda cha opaleshoni n'kundikhazika pansi. Anati kuti magazi aime, anachita kuchotsa chiberekero. Anati akanafika msanga, kapena akanapeza mzamba ndi jakisoni woyenera pomwe anachilirapo, sizikanafika pamenepo. Mwana wanga, yemwe kuyambira ali wamng'ono ankati adzabereka ana odzaza nyumba, anatsala ndi mmodzi yemweyo.

8

Bambo anabwera patapita masiku, jekete ili pathupi, m'manja muli kathumba ka malalanje. Mkamwini wathu, yemwe anasiya lole kutali n'kubwera pa basi, atawaona anangotuluka panja kuopa kuchimwa. Bambo anasuzumira mdzukulu wawo, n'kundikokera pambali.

"Mayi, nkhaniyi yayamba kumveka. Pakabwera ofunsa, musatchule kuti ndi mwana wanga. Anthu angaitenge molakwika. Ndiponsotu mukaonetsetsa, chipatala chathu chinathandizapo, mwana anabadwira pomwe paja."

Koma mwana wanga anali atamva. Anatembenuza mutu papilo pang'onopang'ono, mawu ake ofooka koma omveka.

"Ababa, inu mumakonda kufunsa maganizo a anthu. Anga simunandifunse, koma ndikuuzani. Tengani malalanje anuwo, mutuluke. Mwana uyu agogo ake aamuna ndi a kwa bambo ake okha."

Bambo anaima pang'ono, akudikira kuti mwina ine ndiwapepesera. Kenako anatola kathumba kawo n'kumapita, akupereka moni kwa anesi m'njira monga munthu wodziwika.

Owerenga anzanga, ena mwa inu mudzati mayi ameneyu zamuwawa chifukwa cha chibwenzi. Zinandiwawa, sindikana. Koma amuna achimasomaso ndi ambiri, ndipo akazi timapola. Chomwe chimandinyansa mpaka lero ndi holo ija: anthu anasiya misika yawo, mayi anayenda wapansi ndi mapasa, gogo anakweza ndodo, onse akukhulupirira kuti akufunsidwadi, pomwe penti inali itagulidwa kale. Akanangotiuza kuti tatseka, bwenzi titadziwa kuti tikulimbana ndi ndani. M'malo mwake anatibwereka pakamwa pathu kuti titseke tokha.

Kwanuko akadzakuitanani kuti mukapereke maganizo pa za chipatala chanu, pitani, musakhale pakhomo. Koma musanalowe mu holo zungulirani kaye kuseri mukaone zomwe aunjikako. Mukalowa, yang'anani amene akuyenda ndi maiki ndi manja omwe akuwadutsa. Wina akalankhula mokoma kwambiri mpaka inu kufuna kulira, mufunseni woyandikana naye ngati akumudziwa. Ndipo zomwe mwanena muzilondole mpaka kumene zikupita, chifukwa ife tinakweza manja n'kupita kwathu kukagona.

Mdzukulu wanga tsopano akukwawa. Masiku apitawa neba wina wosadziwa kanthu anamunyamula n'kuuza mwana wanga mwanthabwala kuti afulumire kumupezera mng'ono wake. Mwana wanga anaseka nawo bwinobwino, anamulandira mwanayo, n'kulowa kuchipinda. Ndinamva akukhoma chitseko, ndipo ine ndinatsala pakhonde ndi mlendoyo, ndikumuthirira tiyi.